Kusewera ndi injini ya njinga kukudya mpamba wa amalonda ku Mzimba

Amene wafikapo pa Jenda m'bandakucha amalidziwa phokoso la njinga zamoto zomwe zimatulukira m'misewu yochokera ku Embangweni, Champhira ndi Luwerezi zitasenza madengu a tomato, matumba a mbatatesi, anyezi ndi kabichi. Chimodzimodzinso pa Mzimba boma, pomwe njinga zochokera ku Manyamula, Edingeni ndi Kazomba zimabweretsa nyemba, chimanga, nkhuku ndi anthu odzaoda katundu wa m'maokala. Kwa venda wa m'dera lino njinga yamoto yasanduka ngolo, minibasi komanso ambulansi. Ikagona pagalaja, geni nayo imagona.

Koma masiku ano m'masiteji a kabaza mwalowa chizolowezi chomwe chikufunika kuchiunika ndi diso la malonda. Anyamata ambiri, ndi eni njinga ena, akumatsegula okha injini pofuna kuti njinga izithamanga kwambiri kapena izimwa mafuta pang'ono. Ena akuboola ekizozi, ena akuchotsa sefa ya mpweya, ena akukulitsa bowo la jeti ndi singano, ndipo ena akupotokola tizomangira ta kabuleta potengera kanema yemwe aona pa YouTube, TikTok kapena pa gulu la WhatsApp. Zambiri mwa zimenezi zikutha ndi njinga yolira kwambiri, yomwa mafuta ambiri ndi yofulumira kunoka. Pali ntchito ya pa injini yomwe mwini njinga ayenera kuidziwa ndi kuichita yekha, ndipo pali ina yomwe n'kungotentha ndalama. Wamalonda ayenera kusiyanitsa ziwirizi.

Chomwe chikuwakankha

Sikuti onse ochita izi ndi achibwana. Mtengo wa petulo wakwera kwambiri m'zaka zochepa. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mu Okutobala 2025 mtengowo unafika pa K3,499. Pa nthawi yomwe mafuta ankasowa, akabaza ambiri ankagula a m'zigubu pa mtengo woposa pamenepo. Zipangizo za njinga nazo zonse n'zochokera kunja, choncho kwacha ikagwa, pisitoni, maringi, tcheni ndi matayala zimakwera tsiku lomwelo. Munthu wopanikizika chotere akamva kuti kupotokola kachomangira kamodzi kungamupulumutsire theka la lita patsiku, n'zosadabwitsa kuti amayesa.

Palinso mpikisano wa pasiteji. Wofika msanga ndiye amabwerera msanga kudzatenga kasitomala wina. Njinga zambiri m'boma lino zinagulidwa ndi ndalama za abale omwe akugwira ntchito ku Joni, ndipo woyendetsa amapatsidwa ndalama yoti azipereka tsiku lililonse kapena pa sabata. Zotsala ndiye zake. Pa dongosolo lotere woyendetsa amaganiza za lero, pomwe injini ikadzanoka pakapita miyezi isanu wolipira ndi mwini wake, yemwe mwina ali ku Johannesburg, kapena mayi a kunyumba omwe anasiyiridwa kuti aziyang'anira njingayo. Nkhani ya kutchuna injini ndi nkhani ya ndalama, ndipo n'chifukwa chake ili pa tsamba la mitengo ya pamsika.

Injini imadya mpweya kuposa petulo

Njinga zambiri zonyamula katundu kuno, kaya ndi Lifo, King Lion, SanLG, Bajaj Boxer kapena TVS, zili ndi injini ya pisitoni imodzi, ya pakati pa 100cc ndi 150cc, yozizira ndi mphepo. Zambiri zochokera ku China zinatengera injini ya Honda CG125, yomwe inatuluka mu 1975. Kampani ya Honda inapanga injini imeneyo dala kuti izipirira m'mayiko omwe misewu ndi yoipa ndipo anthu sapititsa njinga ku sevisi pafupipafupi. Cholinga chinali kulimba ndi kukoka katundu. Za mpikisano wa liwiro sizinali m'maganizo a oipanga.

Kuti petulo apse bwino mu injini, pamafunika makilogalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Ntchito ya kabuleta ndi kusakaniza ziwirizi pa mlingo woyandikira pamenepo. Petulo akachuluka kuposa mpweya, wina amatuluka osapsa, njinga imalemera poyenda, pulagi imada ndi mwaye, ndipo petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'mbali mwa buloko. Petulo akachepa kwambiri, moto umatentha mopyola, injini imapsa, valavu yotulutsa utsi imadyeka, ndipo nthawi zina pisitoni imabooka pamwamba kapena kugwira m'buloko. Mphamvu za injini zimachokera ku kuchuluka kwa mpweya womwe buloko ingameze. Kuthira petulo wambiri popanda mpweya wokwanira kuli ngati kuunjika nkhuni pa moto womwe ukusowa mphepo: chimachuluka ndi utsi.

Apa ndi pomwe Mzimba ali ndi vuto lakelake lomwe makanema a pa intaneti satchula. Boma la Mzimba lili pamtunda wa mamita opitirira 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kukwera cha ku Chikangawa m'mapiri a Viphya kumaposa pamenepo. Malo akamakwera mpweya umapepuka. Pa msinkhu wa Mzimba mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 poyerekeza ndi wa ku Dar es Salaam kapena ku Beira. Ndiye kuti njinga yomweyo, isanakhudzidwe ndi aliyense, imakhala ndi mphamvu zocheperako kuno kusiyana ndi kumalo otsika, ndipo woyendetsa yemwe watsikirako ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota angachitire umboni kuti kumeneko njinga imapepuka. Kuchepa mphamvu kumeneku si matenda a injini, ndi mmene dera lilili.

Komanso popeza mpweya ndi wochepa, kabuleta yosetedwa poganizira malo otsika imakhala kale ikupereka petulo wochulukirapo ikafika kuno. Munthu wa ku Mzimba akakulitsa jeti kuti njinga ikhale ndi mphamvu, akuwonjezera chinthu chomwe chachuluka kale. Ngati pali kusintha komwe kungafunike pa malo okwera, n'kuika jeti yocheperako pang'ono, ndipo ngakhale zimenezo siziyenera kuchitika mongoganizira. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe kampani ya Ethco ku Dwangwa inayamba kupanga mu 1982, kenako PressCane ku Chikwawa. Ethanol amafuna mpweya wocheperapo kuti apse, kotero amabwezako pang'ono vuto la pamtunda. Chomwe chingauze munthu zoona za njinga yake ndi mtundu wa pulagi, osati mawu a mnzake wa pasiteji.

Singano, ekizozi ndi sefa

Bowo la jeti ndi laling'ono, pafupifupi milimita imodzi. Munthu akalikulitsa ndi singano kapena kawaya kuchoka pa milimita 1.0 kufika pa 1.1, m'maso zimaoneka ngati sanachite kanthu, koma malo odutsa petulo akula ndi 21 peresenti. Bowo lokulitsidwa ndi manja silikhalanso lozungulira bwino, ndipo palibe njira yolibwezeretsa. Jeti imagulitsidwa payokha ndipo imakhala ndi nambala yake. Wofuna kuyesa ina agule ina, yakaleyo asunge m'kabotolo. Kuboola ndi singano n'kuwononga chipangizo chomwe chinali chabwino.

Mtengo wa chibwana chimenechi ungawerengedwe. Mwachitsanzo, njinga yomwe imayenda makilomita 40 pa lita, ikamayenda makilomita 120 patsiku, imamwa malita atatu. Jeti ikakulitsidwa n'kuyamba kuyenda makilomita 32 pa lita, malita aja amakhala 3.75. Kusiyana kwake ndi malita 19.5 pa masiku 26 ogwira ntchito pamwezi. Pa mtengo wa mu Okutobala 2025 wa K3,499 pa lita, imeneyo ndi ndalama yoposa K68,000 pamwezi, ndipo petulo akakweranso nayo imakwera. Mayi wogulitsa tomato pa Jenda akudziwa kuti K68,000 ndi madengu angati. Ndalamayo woyendetsa amaibweza pokweza mtengo wa ulendo, ndiye kuti amaliza kulipira ndi venda.

Za ekizozi nazo n'chimodzimodzi. M'kati mwa ekizozi muli tizitsulo tochepetsa phokoso, ndipo utali ndi kukula kwa paipi zinayezedwa kuti utsi uzituluka mothandiza injini kukoka bwino pa liwiro lotsika ndi lapakati. Kumeneko n'komwe njinga yonyamula matumba awiri a chimanga imakhala tsiku lonse. Tizitsulo tija tikachotsedwa, phokoso limakula ndipo woyendetsa amamva ngati wakwera chilombo, koma pa injini yaing'ono chotere mphamvu zowonjezereka n'zochepa kwambiri, ndipo kawirikawiri njinga imafooka poyambira ndi pa chitunda. Kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya nako kamasokonekera, injini n'kuyamba kutentha. Khutu limanyenga. Njinga yolira kwambiri imaoneka yothamanga ngakhale wotchi ikunena zina.

Choipitsitsa pa zonse ndi kuchotsa kapena kuboola sefa ya mpweya, yomwe amakaniko amati eyakilina. Oyendetsa ena amati njinga ikupuma bwino akaichotsa. Mwina kwa masiku ochepa imamveka yopepuka, makamaka ngati sefayo inali itatsekeka ndi fumbi. Koma misewu ya kumwera kwa Mzimba kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa ndi fumbi lokhalokha, ndipo fumbi ndi timchenga. Likalowa m'buloko limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala maringi ndi khoma la buloko ngati sandipepa. Pakapita miyezi yochepa njinga imayamba kufuka utsi wobiriwira, kumwa oyilo, kuvuta kulira m'mawa ndi kulephera chitunda chomwe kale inkakwera pa giya yachitatu. Mapeto ake ndi ovaholo: pisitoni, maringi, mwina buloko yonse, kuphatikizapo masiku angapo njinga ili chigonere. Sefa yotsekeka mankhwala ake n'kuitsuka kapena kugula ina.

Kupulumutsa mafuta kodula

Ena amalakwitsa mbali inayo. Pofuna kuti njinga izimwa pang'ono, amachepetsa petulo pa kabuleta mpaka injini kumalira mopereweza. Pa injini yozizira ndi mphepo, petulo amathandizanso kuziziritsa m'kati. Njinga yotere ikasenza katundu wolemera mu Okutobala dzuwa lili pamutu, ikukwera pang'onopang'ono pa giya yoyamba pomwe mphepo yoiziziritsa ndi yochepa, kutentha kumapyola malire. Ndalama ya theka la lita yomwe inapulumutsidwa imakathera kwa wogulitsa mavalavu ndi pisitoni.

Palinso chizolowezi chozimitsa injini potsetsereka. Mafuta omwe amapulumuka ndi ochepa, chifukwa injini yomwe sikupatsidwa moto imamwa pang'ono kale. Chomwe chimatayika ndi mphamvu ya injini yogwira njinga kuti isathamange. Ntchito yonse imatsalira mabuleki, ndipo mabuleki a njinga zambiri za kabaza ndi a m'kati mwa gudumu, omwe akatentha amaleka kugwira. Pa zitsetse za msewu wa M1 cha ku Chikangawa, pomwe nkhungu imatseka maso m'miyezi yozizira ndipo malole a matabwa amadutsa, njinga yozimitsidwa yokhala ndi matumba kumbuyo ndi ngozi yongodikira nthawi.

Enanso afika pogula kabokosi ka magetsi kotchedwa CDI komwe ogulitsa amati n'ka mpikisano, kupala hedi kuti injini izipanikiza kwambiri, kapena kuika buloko yaikulu pa injini yaing'ono. Zoterezi zimachitikadi kumayiko komwe kuli mipikisano ya njinga, koma kumeneko injini imatsegulidwa pafupipafupi ndipo eni ake amayembekezera kuti ifa msanga. Kupala hedi mopyola kumachititsa petulo kuphulika nthawi isanakwane, zomwe zimamveka ngati kugogoda kwa tizitsulo pa chitunda ndipo zimaswa pisitoni. Buloko yaikulu imafuna jeti yoyenerana nayo, kilatchi yolimba ndi kuzizira kokwanira. Mabuleki, matayala ndi felemu zimakhala zomwe zija. Wogula njinga yogwiritsidwa kale ntchito akaona kuti injini inaseweretsedwa chotere amatsitsa mtengo, ndipo amakhala akulondola.

Mphindi zisanu ndi imodzi

Tsono phindu la liwiro lenilenilo ndi lotani? Ulendo wa makilomita 30 pa liwiro la makilomita 50 pa ola umatenga mphindi 36. Pa makilomita 60 pa ola umatenga mphindi 30. Zonse zomwe munthu wapindula ndi mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo pa msewu wa mabampu ndi mchenga chimaletsa kuthamanga ndi msewu, osati injini. Kumbali ina, mtunda womwe njinga imafuna kuti iime umakula mofulumira kuposa liwiro. Njinga yothamanga makilomita 80 pa ola imafuna malo oimira otalika pafupifupi kawiri poyerekeza ndi yothamanga 60, ndipo katundu akalemera mabuleki amavutika kuposa apo. Ng'ombe zodutsa msewu, zomwe ku Mzimba n'zosasowa, sizidikira.

Madokotala a mafupa m'dziko muno akhala akudandaula kuti mabedi ambiri m'zipatala zikuluzikulu akudzaza ndi ovulala pa ngozi za njinga zamoto. Wothyoka mwendo pafupi ndi Embangweni kapena Edingeni amayambira pa chipatala cha mishoni kapena cha boma ku Mzimba, ndipo zikavuta amatumizidwa ku Mzuzu Central. Kwa banja la wamalonda zimenezi zikutanthauza miyezi yopanda ndalama yolowa, womudikirira m'chipatala yemwe wasiya benchi yake pamsika, ndi mpamba womwe ukuthera pa thiransipoti ndi chakudya. Ngati njingayo inalibe inshulansi, kapena woyendetsa analibe laisensi monga malamulo a pamsewu amafunira, palibe kolowera kukapempha chipukuta misozi. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Katundu naye amavutika ndi liwiro. Tomato wogwedezeka pa mabampu amafika ataphwanyika, mazira amasweka, ndipo wopikula wa ku Mzuzu kapena ku Kasungu akaona dengu lonyowa pansi amadula mtengo pomwepo. Venda amene amasankha wakabaza chifukwa njinga yake imalira kwambiri akudzipweteka yekha. Woyenera kumusunga nambala ndi amene amafika nthawi yomwe anagwirizana, tsiku ndi tsiku, katundu ali bwinobwino.

Ntchito yomwe mwini njinga ayenera kuidziwa

Pali mfundo imodzi ya otchuna okha yomwe ndi yomveka. Amakaniko odziwa ntchito ali pa boma ndi m'matauni ang'onoang'ono ngati Jenda, pomwe wa ku Khosolo kapena m'midzi ya kumalire ndi Zambia angakankhe njinga mtunda wautali asanapeze thandizo. Amakaniko ena anaphunzirira pa njinga za anthu, ndipo ena amasintha chipangizo chabwino n'kuikamo chakutha. Kunena kuti mwini njinga asakhudze sipanala n'kosathandiza. Yankho lake ndi lakuti aphunzire ntchito yobwezera injini mmene inalili potuluka ku fakitale, chifukwa njinga zambiri zomwe eni ake amati zafooka sizikusowa zachilendo, zikungosowa sevisi.

Choyamba ndi oyilo. Injini zimenezi zimalowa pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo ndi amene amafewetsa injini, magiya ndi kilatchi. Njinga ya kabaza yoyenda m'fumbi ndi katundu imafuna kusintha oyilo msanga kuposa ya munthu wongopita nayo ku ofesi. Oyilo akhale wa njinga zamoto, wa m'botolo losatsegulidwa, monga 20W-50 yemwe ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo pa botolo pakhale chizindikiro cha JASO MA chosonyeza kuti sachititsa kilatchi kuterereka. Oyilo wotsanulidwa m'magalimoto kapena m'zigayo, yemwe amagulitsidwa motchipa m'mabotolo a zakumwa, ali kale ndi tizitsulo ndi mwaye. Ndodo yoyezera oyilo iziyang'anidwa m'mawa uliwonse njinga isanalire.

Chachiwiri ndi sefa ya mpweya. Ya siponji imatsukidwa ndi parafini, kufinyidwa osaipotokola, kuumitsidwa, kenako kudonthezedwa oyilo pang'ono kuti izigwira fumbi. Ya pepala sitsukidwa, imagogodedwa pang'ono kapena kusinthidwa. M'chilimwe ntchito imeneyi ikhale ya sabata ndi sabata. Chachitatu ndi pulagi, yomwe ndi mboni ya zomwe zikuchitika m'kati. Njinga ikayenda ulendo wautali, injini n'kuzizira, pulagi imasulidwe n'kuiona kunsonga. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zinthu zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo wachuluka kapena sefa yatsekeka. Ikakhala yoyera mbee, petulo wachepa kapena mpweya ukulowera penapake pomwe pang'ambika. Ikakhala yakuda ndi yonyowa ndi oyilo, maringi kapena mavalavu atha. Mpata wa pansonga pake pa njinga zambiri zoterezi ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7.

Chachinayi ndi mavalavu. Mpata wake ndi wochepa kwambiri, pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.10 malinga ndi mtundu wa njinga, ndipo umayezedwa injini itazizira pogwiritsa ntchito timapanga toyezera mpata tomwe timagulitsidwa m'masitolo a zipangizo. Mpata ukakula injini imachita phokoso la tsetsetse ndipo imafooka. Ukachepa kwambiri injini imakhala chete koma valavu siitseka bwino ndipo imapsa. Ichi n'chifukwa chake kuseta mavalavu ndi khutu lokha n'koopsa: injini yachete kwambiri ingakhale ikudyeka. Woyamba kumene aonerere kaye kwa makaniko wodalirika kangapo, ndipo nambala yeniyeni ya njinga yake aitenge m'kabuku komwe kamabwera ndi njinga. Safunsa anadya phula.

Chachisanu ndi zomwe zili kunja kwa injini koma zimadya mphamvu zake. Tcheni chouma kapena chomangika kwambiri, matayala opanda mpweya wokwanira, ndi mabuleki okhuza gudumu zimachititsa njinga kulemera ndi kumwa mafuta. Tcheni chizikhala ndi mpata wosewera wa masentimita awiri kapena atatu, chizitsukidwa ndi kudzozedwa. Petulo wa m'zigubu azisefedwa, chifukwa zinyalala ndi madzi zimatseka jeti, ndipo ethanol amakoka chinyontho petulo akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino. Pansi pa kabuleta pali kachomangira kotulutsira madzi ndi zinyalala, ndipo kukatsegula mwa apo ndi apo, makamaka m'dzinja, kumathetsa mavuto ambiri omwe anthu amathamangira kuwathetsa ndi singano.

Kusintha kumodzi komwe kuli ndi nzeru

Kwa wonyamula katundu m'zitunda, pali kusintha kumodzi komwe kumagwiradi ntchito ndipo sikufuna kutsegula injini: masipuloketi. Mwachitsanzo, njinga yokhala ndi mano 15 kutsogolo ndi 41 kumbuyo ikaikidwa ya mano 14 kutsogolo, mphamvu yokoka pa gudumu imawonjezereka ndi pafupifupi 7 peresenti, pomwe liwiro lapamwamba limatsika ndi mlingo wonga womwewo. Njinga imanyamuka mosavuta ndi katundu, kilatchi siipsa, ndipo injini siivutika pa chitunda. Kuipa kwake n'kwakuti pa tala wosalala injini imazungulira kwambiri ndipo imamwako mafuta. Anyamata ambiri amachita zosiyana, kuika ya mano 16 kuti azithamanga pa M1, kenako n'kumadabwa kuti njinga ikukanika matumba pa njira ya kumudzi ndipo kilatchi ikutha msanga. Aliyense asankhe malinga ndi njira yomwe amayenda masiku ambiri, ndipo tcheni ndi masipuloketi onse awiri zikatha zisinthidwire limodzi.

Kusintha kulikonse kuyenera kuyesedwa ndi kope ndi cholembera monga mmene wamalonda amachitira ndi katundu watsopano. Thanki idzazidwe, nambala ya makilomita ilembedwe, njinga igwire ntchito yake ya masiku onse, kenako thanki idzazidwenso ndi kuwerengera makilomita pa lita. Chinthu chisinthidwe chimodzi pa nthawi, chakale chisungidwe. Ngati pakatha sabata manambala sakusonyeza phindu, chakale chibwerere. Njinga yomwe mita yake inafa ikonzedwe, chifukwa popanda mita mwini wake sadziwa nthawi yosintha oyilo kapena mafuta omwe akutha.

Eni njinga, mavenda ndi masiteji

Eni njinga omwe amapereka kwa anyamata ayenera kuika nkhaniyi m'pangano, ndipo lilembedwe pamaso pa mboni: injini, kabuleta, ekizozi ndi sefa zisasinthidwe popanda chilolezo, ndalama ya oyilo ipatulidwe payokha, ndipo njinga izionedwa ndi makaniko mmodzi wodziwika kamodzi pamwezi. Mwini wake asamangofinya ndalama ya tsiku osasiya ya sevisi, chifukwa woyendetsa wofinyidwa ndi amene amagula oyilo wakutha. Kwa omwe ali ku Joni, chithunzi cha pulagi, cha sefa ndi cha mita chotumizidwa pa WhatsApp mwezi uliwonse chinganene zambiri kuposa malonjezo a pa foni. Pangano loti woyendetsa adzatenga njingayo ikhale yake akamaliza kulipira limathandizanso, poti munthu saseweretsa chomwe akudziwa kuti chidzakhala chake.

Makomiti a masiteji a kabaza pa Mzimba boma, Jenda ndi Embangweni ali ndi mphamvu zomwe sakuzigwiritsa ntchito mokwanira. Amatha kale kutolera ndalama za umembala ndi kuthandizana pa maliro. Angathenso kusonkherana kugula timapanga toyezera mavalavu, choyezera mpweya wa matayala ndi masipanala abwino zoti mamembala azibwereka, kuitana makaniko wophunzira bwino kudzawaphunzitsa tsiku limodzi, ndi kukana njinga zoboola ekizozi pa siteji yawo. Bungwe la TEVETA ndi sukulu zophunzitsa ntchito zamanja zingachite bwino kufikitsa maphunziro aafupi a kakonzedwe ka njinga zamoto m'misika ya kumwera kwa Mzimba, komwe njingazo zachuluka kuposa amisiri ake.

Mavenda nawo ali ndi mawu pa nkhaniyi, chifukwa ndi amene amalipira ulendo. Amayi ogulitsa pamsika akagwirizana kuti katundu wawo azinyamula ndi oyendetsa osamala, okhala ndi zipewa zoteteza mutu ndi njinga zosafuka utsi, anyamata a pasiteji adzaona okha komwe kuli ndalama. Njinga yabwino kwa wamalonda ndi yomwe imalira kamodzi m'mawa wozizira wa Julayi, kukwera chitunda ndi madengu osazima, kumwa mafuta omwe mwini wake angawerengere, ndi kutha chaka isanatsegulidwe injini. Wofuna kuyamba lero amasule pulagi, atsuke sefa, ayeze oyilo, ndipo singano aibwezere kwa telala.